Nkhope ya Mfumu ndi Mazira a Nangondo

Kuseri kwa mapiri a Tionamawa kuli ufumu wotchedwa Tazisintha. Mukaufuna pa mapu simuupeza, chifukwa mapu akale anachotsedwa ndipo atsopano sanatuluke. Anthu a kumeneko ndi ofatsa ndiponso okonda kupemphera. Pochoka pakhomo amaiyang'anitsitsa nyumba yawo, kuti akaipeza yasinthidwa aizindikirebe.

Mu ufumuwu zinthu zambiri zimayenda ndi pulogalamu imodzi yotchedwa Chathu. Palibe anaigula. Anailemba ndi anthu ongodzipereka, aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, aliyense pa nthawi yake yopuma, ndipo anaisiya poyera kuti wofuna aitenge, aone mmene inalukidwira, asinthe pamene akufuna. Chathu chinkatsegula mpope wa sola wa pamsika, chinkaliza belu la kusukulu, chinkasunga mzere wa kuchigayo kuti anthu asakanganirane malo. Sichinali chokongola. Mabatani ake anali aakulu ngati zitumbuwa, koma ngakhale munthu wa maso ofooka ankadziwa pogwira.

Mfumu Zatsopano sinali munthu woipa. Inkapereka moni kwa ana ndipo kumaliro inkafika. Vuto lake linali limodzi: inkakonda kwambiri anthu amene sinawaonepo. Itamva kuti kutsidya kwa nyanja zamchere kuli anthu amene angagwiritse ntchito Chathu chitakhala chonyezimira, inakhazikitsa Unduna wa Alendo Amene Sanabwere, nisankha a Mwalandiridwa kukhala nduna yake.

"Anthu amene ali kale ndi Chathu, ali nacho," inatero mfumu pa tsiku lotsegulira undunawo. "Sapita kulikonse. Tiyeni tiganizire amene kulibe."

Anthu anaomba m'manja, poti analidi opanda kopita.

Madandaulo atayamba kuchuluka, mfumu inakhazikitsa malamulo awiri, ndipo ana asukulu ankawaimba m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi. Loyamba linkati wotchula vuto ndiye mwini wake: amuveke lamba wachikasu, akhale nduna ya vutolo, alikonze yekha, popeza Chathu ndi cha tonse. Lachiwiri linkati chinthu chikamamvera munthu mmodzi yekha, munthuyo ndiye kapitawo wake mpaka atapezeka wina.

Malamulowa anagwira ntchito modabwitsa. Bambo wina amene anangonena kuti belu la kusukulu likulira masana m'malo mwa m'mawa, anakhala Nduna ya Belu, ndipo mpaka lero amaimba khasu lakutha ndi mwala. Zitatero madandaulo anatheratu. Pa msika wa Pirirani munthu ankaima pampope ndi ndowa youma, mnzake n'kumufunsa, "Zikuyenda bwanji?" Iye n'kuyankha, "Zikuyenda." Kubwalo analengeza kuti Tazisintha ndi dziko loyamba padziko lapansi kukhala lopanda vuto.

Anthu ongodzipereka aja nawonso anachepa. Ankati akakonza kanthu, kanthuko n'kuyamba kuwamvera, lamulo lachiwiri n'kuwagwira. Ambiri anasamukira kwa apongozi awo. Anatsala ndi aphunzitsi a Ligomeka, munthu wowonda wosadziwa kukana, amene anali kapitawo wa mpope, wa chigayo, wa nyimbo yolandirira alendo ndi zina zimene iwo eni anaziiwala.

Kuseri kwa msika kunkakhala mayi wamasiye dzina lake Nangondo. Chaka chimenecho chitopa chinamaliza nkhuku zake zonse. Yomaliza kufa inali thadzi lamawangamawanga, la mtundu umene mayi ake anamupatsa pokwatiwa, ndipo linasiya mazira. Akanapanda kuswa mazirawo, mtunduwo ukanathera pomwepo.

Nangondo anawaika m'bokosi lofungatira limene malemu mwamuna wake anakhoma. Mkati munali babu lotenthetsa ndi kamota kogudubuza mazira. Pachivundikiro panali kaloko kotchingira makoswe, ndi foni yakale ya Chathu, yong'aluka galasi, yomangidwa ndi legeni. M'mawa ndi madzulo Nangondo ankanena kapemphero kakafupi, n'kudina batani lalikulu lolembedwa kuti Tembenuza, mazira n'kugudubuka pang'onopang'ono. Dzira likakhala osatembenuzidwa, mwanapiye amamatirira kuchigoba n'kufera momwemo.

Tsiku lina m'mawa anapeza Chathu chasintha chokha. Foni inamulonjera m'zinenero zimene sanazimvepo, kenako inaimba nyimbo. Pamene panali batani la Tembenuza panali chithunzi cha mfumu ikumwetulira. Anati atsegule chivundikiro kuti atembenuze ndi manja, koma kaloko sikanalole.

"Onetsani nkhope yanu," inatero foni.

Nangondo anakonza duku, naonetsa nkhope.

"Pepani, sindikukudziwani."

Anaitana mnansi wake, Abiti Saizi, wogulitsa tomato, mayi amene lilime lake linkaopedwa msika wonse. Abiti anamvetsera nyimbo ija mpaka kumapeto atagwira m'chiuno.

"Yaimba bwino," anatero. "Mwina mazirawo aswa oimba kwaya."

"Abiti, ndithandizeni nzeru."

"Nzeru ndilibe, achemwali, koma nyundo ndili nayo."

"Mukamenya bokosi mwamenya mazira."

"Ndiye zikuyenda," anatero Abiti. Koma asanabwerere ku tomato wake anavula chitenje chapamwamba, nafunditsa bokosilo mbali imene kunkachokera mphepo.

Nangondo anapita kusukulu. Anawapeza a Ligomeka pansi pa mtengo nthawi yopuma, akuchonga mayeso ndi dzanja limodzi, linalo likudina kompyuta yawo yakale imene inali pamwendo. Anagwada pataliko, nafotokoza mosamala kuti asatchule mawu oti vuto.

A Ligomeka anavula magalasi. "Mayi, batanilo ndinachotsa ndine. A Mwalandiridwa anati alendo saweta nkhuku."

"Anawafunsa?"

"Sanabwere."

"Nanga za nkhopezi?"

"Anati alendo amakonda zinthu zotsegula ndi nkhope. Ndinapempha anthu oyesera, anandipatsa munthu mmodzi, mfumu. Ndinapempha mafoni oyesera, anandipatsa ya mfumu. Ndinkaganiza kuti chizitsegula foni yokha. Sindinadziwe kuti kuli munthu amene analumikiza kaloko." Anapukuta magalasi aja ndi malaya. "Sindinadziwe n'komwe kuti batani lija alipo amalidina."

"Ndimalidina m'mawa ndi madzulo, aphunzitsi. Silinandikanepo."

A Ligomeka anayang'ana kumbali. Chiyambireni ntchitoyi, aka kanali koyamba kumva kuti chinthu chimene anapanga chinkagwira ntchito.

"Ndikonza," anatero. "Koma ndili ndi mayeso awa, ndipo kubwalo akufuna ndime ina ya nyimbo. Mundipatse masiku."

"Ine ndikhoza kukupatsani. Mazira sindikudziwa."

Masana omwewo Nangondo anavala chitenje chake cha kutchalitchi, napita kubwalo la mfumu. Anapeza nduna zili pa mtsutso waukulu: kodi alendo akadzafika, Chathu chidzawalonjere kaye kapena chidzawathokoze kaye? Mbali ina inkati n'kupanda ulemu kuthokoza munthu usanamulonjere. Mbali ina inkati munthu wochokera kutali chotero ayenera kuthokozedwa asanatsike n'komwe. A Mwalandiridwa anali atapereka ganizo loti zonse ziwiri zinenedwe nthawi imodzi, ndipo anali kuyeserera.

Nangondo anagwada pakati pa bwalo. "Mfumu yanga, ndabwera ndi vuto."

Bwalo lonse linazizira. Mlonda wina anagwetsa ndodo. Mawuwo anali atatha zaka osamveka pamalopo, moti woimba ng'oma anayamba wafunsa mnzake kuti kaimbidwe ka poveka munthu lamba kanali kotani. Lamba wachikasu anamupeza pansi pa mpando, mphaka atagonapo. Anamukutumula, namuveka Nangondo, ndipo analengeza kuti kuyambira tsikulo iye ndi Nduna ya Mazira.

"Anduna," inatero mfumu mokoma mtima, "tafotokozani."

Nangondo anafotokoza. Mfumu inatulutsa foni yake yonyezimira, niiyang'ana, foniyo n'kutseguka nthawi yomweyo.

"Mwaona? Kwa ine zikugwira."

"Kwa mfumu zikugwira," zinavomereza nduna.

"Zikugwiradi," anatero Nangondo. "Koma mazira sali m'foni mwanu, mfumu yanga. Ali kuseri kwa msika."

A Mwalandiridwa anaimirira. "Anduna a Mazira akumbukire kuti Chathu ndi cha tonse. Khomo ndi lotsegula. Akhoza kukhala pansi n'kulemba okha batani lawolo."

"Ndikhoza kuphunzira, bwana, Mulungu akandipatsa moyo. Koma pomadzatha kuphunzirako, anapiyewo adzakhala atapita kalekale." Anatembenukira kwa mfumu. "Pempho langa ndi limodzi. Kumsika kuli anthu ena osakhulupirira. Mukanabwera kudzawaonetsa kuti zikugwira, akanachita manyazi."

Mfumu inakonda ganizolo. Inalamula kuti ojambula zithunzi adzakhalepo, kuti alendo adzaone.

Koma ulendo wa mfumu sungochitika. Panafunika komiti yosankha chipewa, komiti yosesa njira, ndi komiti yoona ngati makomiti awiriwo akugwirizana. Dzuwa linalowa n'kutuluka, n'kulowanso, mazira ali chigonere mbali imodzi. Nangondo ankakhala pafupi ndi bokosi atavala lamba wake, akusuzumira pa kagalasi ka pachivundikiro. Sankapempha zambiri. Ankangoti, "Ambuye, Inu amene mukuona mkatimo, agwireni pang'ono." Abiti Saizi ankabwera ndi tiyi m'kapu, n'kumuikira pambali osanena kanthu, zimene kwa Abiti zinali nsembe yaikulu.

Potsiriza mfumu inafika. Galimoto inalephera kulowa m'kanjira ka kuseri kwa msika, choncho inayenda pansi, nduna zikunyamula mphepete mwa mkanjo wake. Msika wonse unatsatira. Mfumu inawerama pa bokosi, nimwetulira monga pa chithunzi chija.

"Takulandirani, Mfumu Zatsopano," inatero foni, kaloko n'kutseguka.

Ng'oma zinalira. Nangondo sanadikire kuti zithe. Analowetsa dzanja n'kuyamba kutembenuza mazira limodzilimodzi.

"Osakhulupirira aja ali kuti?" inafunsa mfumu.

"Tilipo, mfumu," anayankha Abiti Saizi, "ndipo manyazi atigwira. Kodi tingayeseko nafenso?"

Chivundikiro anachitseka. Abiti anaonetsa nkhope, foni sinawadziwe. A Mwalandiridwa anaonetsa yawo, kutsogolo ndi cham'mbali, sinawadziwe. Anayesa alonda, woimba ng'oma, wogulitsa makala. Mfumu inayesanso, bokosi n'kutseguka.

"Koma ndiye likukumverani," anatero Abiti mosilira. "Inu nokha, mfumu, dziko lonse lino." Kenako, ngati munthu amene wangokumbukira nyimbo ya paubwana, anayamba kung'ung'udza lamulo lachiwiri. Amayi a pamsika anathira mang'ombe. Posakhalitsa khamu lonse linali kuimba kuti chinthu chikamamvera munthu mmodzi yekha, munthuyo ndiye kapitawo wake mpaka atapezeka wina.

A Mwalandiridwa anathamangitsa mlonda kukatenga kalendala yokhala ndi chithunzi cha mfumu. Anaiika patsogolo pa foni.

"Phethirani," inatero foni.

Kalendala sinaphethire. Anaigwedeza, anaipinda pang'ono pamaso, koma sinaphethire.

Mfumu inayang'ana anthu, niyang'ana ojambula zithunzi amene anali atajambula zonse. Inafunsa motsitsa mawu, "Anduna a Mazira, ntchito imeneyi imachitika kangati?"

"M'mawa ndi madzulo, mfumu yanga, mpaka atatsala pang'ono kuswa."

"Lamulungu lomwe?"

"Mazira sapuma Lamulungu."

Motero Mfumu Zatsopano inakhala kapitawo wa bokosi la Nangondo. Tsiku loyamba inabwera ndi nduna zonse. Kenako nduna zinayamba kudwala misana, mpaka inkabwera ndi mlonda mmodzi wonyamula ambulera.

Njira yake inkadutsa pampope. Tsiku lina kutatentha inapempha madzi, amayi n'kuipatsa malo kutsogolo. Inadina, mpope n'kuyamba kuimba nyimbo yolandirira alendo. Inali nyimbo yaitali, yotamanda nzeru za mfumu, ndipo madzi sankatuluka isanathe. Atatuluka anadzaza theka la kapu, mpope n'kuyambanso ndime yoyamba.

"Zimachitika chonchi nthawi zonse?" inafunsa mfumu.

"Zikuyenda," anayankha amayiwo pamodzi.

Mtsikana wina amene anali ataimbitsa mpope mpaka ndowa yake kudzaza anaithirira mfumu madzi m'kapu muja, nabwerera kumapeto kwa mzere.

Kuchigayo inapeza kuti Chathu chimasungira malo oyamba alendo, ndipo chigayo chimayamba chadikira kuti mwina afika. Anthu anali atakhala pamatumba awo akusenda mtedza. Kusukulu inamuona Nduna ya Belu akumenya khasu lake, lamba atasanduka wotuwa.

Kwa Nangondo inkapeza mpando wandalema utaikidwa kale pamthunzi. Poyamba inkangoonetsa nkhope n'kukhala pambali. Kenako inapempha kuyesa. Nangondo anaionetsa kachizindikiro ka khala kamene anajambula mbali imodzi ya dzira lililonse, kuti munthu adziwe limene latembenuzidwa.

"Osaligwedeza, mfumu yanga. Mulitenge ngati mukudzutsa mwana wodwala."

Mfumu inavula mphete zake. Nangondo anaona kuti isanagwire dzira inkayamba yapumira m'manja kuti afunde, chinthu chimene iye sanaiuze. Madzulo amenewo anaitchula m'pemphero ndi dzina lake, osati udindo wake wokha.

Tsiku lina masana, mfumu kulibe, anafika a Ligomeka ndi kompyuta yawo m'jumbo, maso ali psuu.

"Mayi, ndakonza. Batani labwerera, ndipo kaloko kazikudziwani inuyo. Ndingoika basi."

Nangondo anawapatsa mpando wa mfumu uja, nawaikira mbatata yootcha ndi madzi osamba m'manja. "Mwadya lero, aphunzitsi?"

A Ligomeka anayesa kukumbukira, koma analephera.

"Idyani. Mpope wasiya kuimba?"

"Ayi. Kubwalo sanalole."

"Chigayo chasiya kudikira alendo?"

"Ayi."

"Ndiye zanuzo zisungeni kaye m'jumbomo. Mazira akutembenuzidwa. Kapitawo amene ndili naye sachedwa, ndipo njira imene amayenda ikumuchitira bwino. Inu pitani mukagone."

"Palibe anandiuzapo kuti ndisafulumire," anatero a Ligomeka. Anadya mbatata ija yonse, ndi makoko omwe, ndipo anagona pampando pomwepo kukamwa kuli yasa. Abiti Saizi podutsa anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anangothamangitsa ntchentche imene inawatera pamphuno.

Sipanapite nthawi, kubwalo kunatuluka chilengezo. Mfumu, itaganiza mozama payokha, inali itatulukira nzeru yatsopano imene dziko lina lililonse linali lisanaiganize: mpope wotulutsa madzi osaimba, chigayo chogaya chimanga cha amene alipo, ndi mabatani aakulu ooneka bwino. Zonsezi zinatchedwa Chathu Chatsopano Kwambiri. A Mwalandiridwa anati alendo adzachita nsanje. Anthu a pamsika anachiyang'ana, naona kuti ndi chakale chija, ndipo anayamikira mfumu chifukwa cha luso lake. Chilengezocho chinanenanso, m'mawu ochepa a kumapeto, kuti a Ligomeka asapatsidwenso ukapitawo wina, ndi kuti asanachotse batani lililonse aziyamba afunsa ngati alipo amalidina. Anamwino awiri amene anathawira kwa apongozi anamva zimenezi, nabwerera kudzaona ngati zinali zoona.

Mazira anayamba kuswa m'mawa wina mfumu ili pomwepo. Inatsegula bokosi, nigwada pafumbi ndi mkanjo wake. Anapiye anatuluka onyowa, otopa, ena amawangamawanga ngati mayi wawo. Koma mazira angapo anangokhala zii. Anadikira mpaka tsiku lotsatira, osamveka kanthu.

"Awa bwanji?" inafunsa mfumu. "Ndinalakwitsa potembenuza?"

"Simunalakwitse, mfumu yanga," anatero Nangondo.

"Amenewo ndi a masiku aja ankasankha chipewa," anatero Abiti Saizi ali pakhomo.

Mfumu inapempha khasu, nikumba kadzenje kuseri kwa khola, niika mazirawo yokha. Nangondo anaima pambali manja ali pachifuwa. Chipewa chija mfumu inachisiya pachitsa, ndipo pochoka sinachitenge.

Madzulo ake a Ligomeka anaika zimene anakonza zija. Batani la Tembenuza linabwerera pamalo pake, lalikulu ngati kale. Nangondo anaonetsa nkhope, foni n'kunena, "Takulandirani, Nangondo." Uthenga unapita kubwalo woti kapitawo wina wapezeka, mfumu ikhoza kupuma.

Komabe m'mawa mwake inafika, yokha, ndi gaga wa anapiye m'thumba la mkanjo. Inapeza mazira ena ali kale m'bokosi, a Abiti Saizi, amene anabwera nawo kuti awaswetsere. Mwachizolowezi inavula mphete, inapumira m'manja, niwerama pa foni.

"Pepani, sindikukudziwani."

Inamwetulira monga pa chithunzi. Inaphethira. Inayesa cham'mbali.

"Pepani, sindikukudziwani."

Mfumu inaweramuka. "Anduna, apatu pali vuto."

Abiti Saizi anasiya kutsuka tomato. A Ligomeka, amene anabwera kudzaona ngati zonse zili bwino, anayang'ana kumwamba. Nangondo anapukuta manja pachitenje, anavula lamba wachikasu uja, namukutumula bwinobwino. Kenako anagwada mwaulemu, monga amagwadira munthu pamaso pa mfumu yake, nampereka ndi manja awiri.